Kuwedza pa kayaki pa nyanja ya Malawi: zida zoti mugule ndi kagwiritsidwe kake

Aliyense amene wangopeza kayaki, kabwato kopepuka kopalasa ndi nkhafi, amafunsa zofanana: ndigule ndodo yanji, chingwe chotani, nanga nyambo yabwino ndi iti? Yankho lonse ndalilemba pano. Choyamba mudziwe kuti kuwedza pa kayaki n'kosiyana ndi kuwedza pagombe. Pagombe mwaponda pouma, mukhoza kubwerera m'mbuyo kapena kuitana mnzanu akuthandizeni. Pa kayaki mwakhala pansi, madzi ali m'chiuno momwemu, chimene chapulumuka m'manja chapita, ndipo nsomba ikakoka imakoka inu ndi bwato lomwe. Choncho chida chilichonse musanachigule mudzifunse ngati mungachigwiritse ntchito muli chikhalire, ndi dzanja limodzi, osapotoza thupi.

1. Sankhani nsomba kaye, zida pambuyo

Ambiri amagula nyambo zokongola m'sitolo kenaka n'kumadabwa kuti chambo sichikudya. Chambo chimadya ndere ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, sichithamangitsa nsomba inzake, ndiye nyambo yachitsulo yotchedwa supuni kapena kansomba kapulasitiki sichikalabadira. Nsomba zimene zimagwira nyambo yopanga ndi zolusa. Ncheni ndiye woyamba: wautali, wamano akuthwa, amayenda pamadzi apakati kutsatira usipa ndi utaka. Sungwa amabisala m'mabango ndi m'zomera za m'madzi osaya kudikira tinsomba todutsa. Mpasa ndi sanjika zimapezeka pafupi ndi pamene mitsinje imathira m'nyanja. Kampango ndi mlamba ndi nsomba zapansi zomwe zimasaka ndi ndevu ndi fungo, motero zimafuna nyambo yeniyeni.

Pa ulendo umodzi sankhani mitundu iwiri yokha. Kwa oyamba kumene, ncheni m'mawa dzuwa lisanakwere, ndiye kampango mukapeza malo amiyala.

2. Dziwani malo ndi mphepo

Cape Maclear ndi zilumba za Thumbi, Domwe, Mumbo ndi Maleri zili mu Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba za mbuna. Kumeneko n'koletsedwa kuwedza m'kati mwa mamita 100 kuchokera kumtunda wa paki, ngakhale ndi mbedza imodzi. Pitani ku ofesi ya Fisheries ya m'dera lanu mukafunse za chilolezo ndi za miyezi yotseka, ndipo mukafika padoko lachilendo kapatseni moni a komiti ya pagombe, a BVC. Iwowa ndi amene angakuuzeni komwe kwatcheredwa matchera, komwe kuli ng'ona ndi komwe mvuu zimagona. Pamathiriro a mitsinje, m'mabango othithikana, ku Malombe ndi mu Shire, kayaki si malo ake. Mcheni wa ku Lower Shire, uja wa mano ngati misomali yemwe ndi wosiyana ndi ncheni wa m'nyanja, muwedzeni muli pa boti lalikulu.

Mwera umawomba kuchokera kummwera cha kummawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo umatha kudzutsa mafunde aakulu nyanja itangokhala bata posachedwa. Nthawi ya dzinja kumabwera mpoto ndi mvula ya ziphaliwali. Mverani chenjezo la a zanyengo pa wailesi musananyamuke. Popita palasani molimbana ndi mphepo kuti pobwerera, mutatopa, izikukankhani. Mukaona thovu loyera pamwamba pa mafunde, kulungani chingwe mubwerere. Usiku musapite, chifukwa amaboti a injini ndi a chilimira sangakuoneni.

3. Kayaki ndi zomangirira

Kayaki yabwino kuwedzerapo ndi yokhala pamwamba, ija yopanda chibowo cholowetsamo miyendo, yomwe ili ndi timabowo pansi totulutsa madzi. Ikagubuduka siidzaza madzi ndipo mumatha kukwerapo muli m'nyanja momwemo. Ikhale yaitali mamita 3.3 mpaka 4, mulifupi masentimita 75 mpaka 85. Yaifupi kuposa apa imapotoka uku ndi uku mukamapalasa, yopyapyala kwambiri imathamanga koma imapendama nsomba ikakoka. Onani kulemera komwe opanga adalemba, ndipo inu pamodzi ndi katundu musapitirire magawo atatu mwa anayi a kulemerako.

Layifu jaketi muivale ndi kuimanga zingwe zonse, osati kuikhalira. M'thumba mwake muikemo wezulo, kampeni ndi foni yokulunga m'kathumba kosalowa madzi. Nkhafi imangidwe ku kayaki ndi kachingwe, ndodo iliyonse chimodzimodzi, pulaya nayo. Zingwezi zikhale zazifupi, zisapitirire mita imodzi, poti zazitali zimakola miyendo mukagubuduka. Kumbuyo kwa mpando mangani kireti ya pulasitiki, ndipo m'mbali mwake mangirirani mapaipi awiri a PVC a masentimita 30 oti muzilowetsamo ndodo.

Musananyamule mbedza ngakhale imodzi, pitani pamadzi ofika m'khosi, pafupi ndi gombe lodziwika bwino, mukagubuduze kayaki mwadala. Itembenuzeni, gwirani mbali ya kutsidya, tambasulani miyendo kumbuyo pamwamba pa madzi, menyani madzi ndi mapazi mpaka mimba igone pakati pa kayaki, kenaka tembenukani mukhale pampando. Bwerezani mpaka muzichita osaganiza.

4. Ndodo, reel ndi chingwe

Ndodo ziwiri zakwana. Yoyamba ya ncheni ndi sungwa ikhale yaitali mamita 1.9 mpaka 2.1, yolembedwa medium, kutanthauza ya mphamvu zapakatikati. Utali umenewu uli ndi chifukwa: nsomba ikadutsa pansi pa kayaki kupita mbali ina, muyenera kuzungulitsa nsonga ya ndodo kutsogolo kwa mphuno ya kayaki muli chikhalire. Ndodo yaifupi sifika, yaitali mamita 3 ngati za pagombe imakulepheretsani kufikira nsomba ndi dzanja. Sankhani ya chogwirira chachifupi kuti chisamakodwe mu jaketi.

Reel, kachipangizo kokulungira chingwe, ikhale ya mtundu wa spinning, saizi 2500 kapena 3000, ndi chingwe cha nayiloni cha mamilimita 0.25 mpaka 0.28, chomwe chimaduka pa makilogalamu pafupifupi 5 kapena 6. Nayiloni ndi yotchipa, imatamuka pang'ono ndipo imakhululuka zolakwa za woyamba kumene. Chingwe choluka cha braid n'chopyapyala, ndipo mumamva ngakhale kansomba kakangokhudza nyambo, koma chimaoneka m'madzi oyera a nyanja yathu ndipo chimadula zala. Mukasankha chimenechi, lumikizani kumapeto kwake nayiloni kapena fluorocarbon (chingwe chosaoneka bwino m'madzi) ya mamilimita 0.35 yotalika mita imodzi ndi theka. Chidutswa chimenechi chimatchedwa leader. Waya sikufunika pa ncheni wa m'nyanja, umangoopseza nsomba. Chofunika n'kusisita leader ndi zala mukavula nsomba iliyonse, ikamveka yokhakhala dulani mumangenso.

Ndodo yachiwiri ya kampango ikhale yolimbirapo, ndi reel ya saizi 4000 ndi nayiloni ya mamilimita 0.40. Chingwe musadzaze mpaka kusefukira. Siyani mamilimita 2 kuchokera pamlomo wa spool, kagudumu ka reel komwe chingwe chimakulungidwa, apo ayi chimatuluka chipwirikiti n'kupanga chisa.

5. Mfundo ndi drag

Nsomba zambiri zimatayika pa mfundo. Phunzirani imodzi muidziwe bwino. Lowetsani chingwe pa diso la mbedza, chizungulizeni pa chinzake kasanu kapena kasanu n'kamodzi, bwezani nsonga pa kampata kali pafupi ndi diso, kenaka muilowetsenso pa kampata kakakulu komwe kapangika. Nyowetsani ndi malovu musanakoke, chifukwa nayiloni youma imatentha pokhwimitsa n'kufooka. Kokani pang'onopang'ono mpaka zizungulo zigundane bwinobwino. Chingwe chikabwera chopanda mbedza koma kumapeto kwake kuli kopotana, dziwani kuti mfundo idamasuka, nsomba siidadule. Pa braid mfundo imeneyi imatereka, gwiritsani ntchito mfundo ina yotchedwa Palomar.

Drag ndi kachotsekera kali pamwamba pa spool komwe kamalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu. Ambiri amakamanga mpaka kumapeto poopa kuti nsomba ithawa, ndipo pa kayaki kulakwitsa kumeneku n'kumene kumagubuduza anthu. Kayeseni kunyumba motere: dzazani madzi m'botolo la malita awiri, lomwe limalemera makilogalamu 2, limangeni kumapeto kwa chingwe chodutsa m'maso onse a ndodo, ndiye nyamulani pang'onopang'ono. Pa chingwe cha makilogalamu 6, drag iyambe kulira botolo litangotsala pang'ono kuchoka pansi. Mphamvu yake isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya chingwe.

6. Nyambo zopanga: kabokosi kamodzi

Chakudya chachikulu cha nsomba zolusa m'nyanja muno ndi usipa, ndiye nyambo yanu ifanane ndi usipa: yoonda, yonyezimira ngati siliva, yotalika masentimita 5 mpaka 9. Nyamulani izi zokha.

Masupuni asiliva atatu kapena anayi, a magalamu 7, 12 ndi 20. Supuni ndi kachitsulo kopindika komwe kamagwedezeka n'kumathwanima mukamakakoka. Iyi ndiyo nyambo yoyamba ya ncheni. Mukhoza kuipanga nokha: dulani chogwirira cha supuni ya tiyi, boolani kabowo mbali zonse ziwiri, palani m'mphepete ndi fayilo, ikani mphete ndi swivel (kachitsulo kozungulira kolumikizira) kutsogolo, mphete ndi mbedza kumbuyo.

Ma spinner awiri, saizi 2 ndi 3, monga a Mepps. Ali ndi katsamba kachitsulo kozungulira, ndipo ndi abwino pa sungwa m'mphepete mwa zomera, pamadzi osapitirira mamita 3. Aponyeni motsatana ndi mzere wa zomerazo, musaponye m'kati mwake.

Tinsomba tiwiri tokhala ndi mlomo wapulasitiki kutsogolo, monga ta Rapala, ta masentimita 7 kapena 9. Mlomowo ndi umene umakamiza: waufupi umayenda pafupi ndi pamwamba, wautali umatsika mamita atatu kapena kupitirira. Kamodzi kakhale kasiliva ka msana wabuluu kapena wakuda, kena kagolide ka madzi ovunduka a nthawi ya mvula.

Nyambo zambiri zimabwera ndi mbedza za nsonga zitatu. Pa kayaki n'zoopsa, chifukwa nsomba ikamaphupha pakati pa miyendo yanu nsonga imodzi ili m'kamwa mwake ndipo ziwiri zikusaka ntchafu yanu. Zichotseni muikepo mbedza ya nsonga imodzi, kapena finyani ndi pulaya kamnga kakumbuyo kwa nsonga iliyonse. Supuni ndi spinner zonse zimapota chingwe, choncho musaziponye popanda swivel.

7. Kufikitsa nyambo pamene pali nsomba

Apa ndi pamene ambiri amalephera, n'kumanamizira mtundu wa nyambo. Ncheni sakhala pamalo amodzi tsiku lonse. M'bandakucha amakwera pafupi ndi pamwamba kutsatira usipa, dzuwa likakwera amatsika. Nyambo yabwino yodutsa mamita 10 pamwamba pa nsomba siipha kanthu.

Yambani ndi kudziwa kuchuluka kwa chingwe chimene mwatulutsa. Chiyaleni pamchenga muike chizindikiro ndi cholembera chosafufutika pa mamita 10 aliwonse. Kenaka dziwani liwiro lomwe supuni iliyonse imamirira. Pamadzi oyera amene mukuona pansi, yezani kuya kwake ndi chingwe cha mwala, ponyani supuni muwerenge masekondi mpaka chingwe chilekerere. Ngati pa mamita 6 yatenga masekondi 12, ndiye kuti imatsika theka la mita pa sekondi. Tsopano mukhoza kusaka mwadongosolo: ponyani, werengani kufika 5, kulungani. Ponyaninso muwerenge kufika 10, kenaka 15, kenaka 20. Nsomba ikagunda pa 15, pitirizani pa 15 pomwepo.

Njira imene kayaki imapambana nayo ndi kukoka nyambo kumbuyo mukupalasa, popeza mulibe phokoso la injini. Yambani kupalasa kaye, kenaka tsegulani reel chingwe chizituluka mpaka mamita 25 kapena 40, tsekani, lowetsani ndodo m'paipi. Mukayamba mwatulutsa chingwe kayaki ili chiimire, supuni imamira n'kukodwa pansi. Liwiro likhale la munthu woyenda wapansi mosafulumira. Kuti mulidziwe, kokani nyamboyo pambali pa kayaki mukuiona: supuni iyenera kumagwedezeka uku ndi uku, ikayamba kuzungulira ndiye kuti mwathamanga. Ndi kansomba kamlomo, nsonga ya ndodo imanjenjemera mosalekeza. Ikasiya kunjenjemera, nyambo yakola udzu, ikulungeni muichotse.

Supuni yokokedwa yokha imayenda mamita ochepa kuchokera pamwamba. Kuti itsike, mangani mtovu wa magalamu 20 mpaka 40 pa swivel, mita imodzi ndi theka kutsogolo kwa supuni. Mukapalasa mphindi 15 popanda kugunda, sinthani kuya musanasinthe nyambo. Musayende molunjika, muzikhotakhota, chifukwa pokhota nyambo imachepetsa liwiro n'kutsika, kenaka imadzambatuka chingwe chikakungika, ndipo nthawi zambiri ncheni amagunda pomwepo. Koma khotani motambalala. Mukakhota mwadzidzidzi chingwe chimadutsa pa nkhafi kapena pamutu panu.

Yang'anani pamene mbalame za mphipi zikumira ndi pamene usipa ukudumpha pamwamba. Musalowe pakati pa gululo, lizungulireni m'mbali. Mukaona mabotolo kapena zoyandama zili pamzere, amenewo ndi matchera a anthu, kulungani nyambo mudutse patali.

8. Nyambo yeniyeni ndi nangula

Pa kampango, lowetsani chingwe mu mtovu wa bowo wa magalamu 30 mpaka 60, mangani swivel, kenaka leader ya masentimita 50, ndiye mbedza ya saizi 4/0 kapena 5/0. Mtovu uzitha kutsetsereka pa chingwe kuti nsomba ikatola nyambo isamve kulemera. Nyambo ndi usipa wauwisi awiri kapena atatu, kapena chidutswa cha utaka. Usipa wogulidwa padoko m'mawa womwewo umaposa wa dzulo. Ukafewa uwazeni mchere pang'ono kuti usamayoyoke pa mbedza. Nsonga ya mbedza ikhale poyera, musaikwirire. Tsitsani mpaka mtovu ugunde pansi pamene miyala ikukumana ndi mchenga. Ngati mbedza yanu ndi ya circle, ija ya nsonga yopindikira m'kati, musakoke mwadzidzidzi nsomba ikadya. Ingokulungani mpaka ndodo ipindike, imadzikola yokha pakona ya kamwa.

Wofuna chambo kapena makumba atenge mbedza yaing'ono ya saizi 10 kapena 12, chingwe cha mamilimita 0.20, kachoyandama, ndi nyongolotsi kapena kambamu ka nsima yokandidwa mpaka kulimba.

Nangula wa kilogalamu imodzi ndi theka wakwana, ngakhale kathumba ka miyala kamagwira ntchito ndipo kakakodwa simudandaula kukasiya. Chingwe chake chitalike katatu kuposa kuya kwa madzi. Musamange nangula m'mbali mwa kayaki pafupi ndi mpando, chifukwa funde likamenya cham'mbali kayaki itagwidwa pakati imagubuduka nthawi yomweyo. Chingwe chidutse pa mphete yakutsogolo kapena yakumbuyo, n'kubwera pamene dzanja lanu likufika, chomangidwa mfundo yomasuka ndi kukoka kamodzi. Kumapeto kwake mangani botolo lopanda kanthu lotseka bwino. Nsomba yaikulu ikakola kapena nyanja ikayamba kuvuta, masulani mutaye, botolo lidzakuonetsani pamene nangula watsala.

Nyambo ikakodwa pamwala, musakoke cham'mbali ndi mphamvu zonse, poti chingwe chikaduka mwadzidzidzi mumagwera mbali inayo. Palasani mupitirire pamene yakodwa mukokere kumbuyo kwake. Ikakana, kulungani chingwe pa kamtengo, osati padzanja, mukoke molunjika kutsogolo kwa kayaki mpaka chiduke.

9. Kuikweza nsomba m'kayaki

Ndodo yapindika, drag ikulira. Choyamba ikani nkhafi pamiyendo. Ngati pali chingwe chachiwiri m'madzi ndipo nsomba ikulola, chikulungeni. Mutu wanu ukhale pakati pa kayaki nthawi zonse, chifukwa kumene mutu wapita thupi limatsatira. Kugubuduka kwambiri kumachitika munthu akasuzumira pambali kuti aone nsomba, kapena akatembenuka kutenga ukonde womwe adauika kumbuyo. Kaukonde kokapira kakhale kutsogolo, pomwe dzanja lifika.

Lozetsani ndodo cha kutsogolo kwa kayaki. Mukatero nsomba imatembenuza kayaki n'kuyamba kuikoka, ndipo kukoka kumeneko ndi kumene kumaitopetsa. Ilekeni ikukokeni, bola isakupititseni kumatchera kapena kutali ndi gombe. Kwezani ndodo pang'onopang'ono, kulungani mukuitsitsa, kwezaninso. Musakulunge drag ikulira, mumangopota chingwe osabweza kanthu. Chingwe chisalekerere ngakhale pang'ono, makamaka ngati mudafinya timinga ta mbedza. Nsomba ikalowa pansi pa kayaki, mizani nsonga ya ndodo m'madzi muizungulitse kutsogolo.

Cholakwa chomaliza chimachitika nsomba itafika kale. Munthu amakulunga mpaka nsomba ifike pansonga ya ndodo, ndiye ili mamita awiri kuchoka pa dzanja lake. Poyesa kuifikira amaimika ndodo chilili, nsonga n'kuthyoka, kapena amaweramira kunja. Siyani chingwe chotalika ngati ndodoyo. Tengerani dzanja la ndodo kumbuyo ndi m'mwamba pang'ono, nsomba ibwera yokha pafupi ndi ntchafu yanu. Mizani ukonde m'madzi kaye, ndiye itsogozeni nsomba ilowe ndi mutu. Musaithamangitse ndi ukonde kuchokera kumchira. Nsomba imene ikadali ndi mphamvu musaikakamize, imasulireni ithamangenso kamodzi.

Ncheni mugwireni kumbuyo kwa mutu ndi nsalu yonyowa, mbedza muchotse ndi pulaya, zala zisalowe m'kamwa. Kampango ndi mlamba ali ndi minga pa zipsepse za m'mbali, ndipo nkholokolo, yomwe imakonda kuba nyambo ya kampango, imaumitsa minga yake itatu osaipindanso. Zimenezi zivuleni zili mu ukonde, kunja kwa miyendo yanu. Nsomba yoti mudye imenyeni pamutu ndi kamtengo kolemera musanaichotse mbedza, muiike m'thumba lonyowa kapena m'kabokosi ka ayezi. Musaimangirire pachingwe n'kumaikoka m'madzi, ndipo musatsukire magazi pambali pa kayaki kapena kulendewetsa mapazi pamalo amene ng'ona zimamveka.

Yoti mubweze musaitulutse m'madzi nthawi yaitali. Kampango amalera ana ake pachisa, wamkazi ndi wamwamuna pamodzi, choncho mukakola wamkulu pamiyala yosaya n'kutheka kuti mwachotsa kholo pa ana. Ivuleni ili m'madzi, ndipo ngati yameza mbedza dulani chingwe pafupi ndi kamwa. Mpasa, yomwe imakwera mitsinje monga Bua kukaswa ndipo yachepa kwambiri, ibwezeni nthawi zonse. Igwireni chilili m'madzi ndi manja onyowa mpaka ikankhe yokha ndi mchira, kenaka sisitani leader ndi zala ndipo yesaninso drag musanaponyenso.